Asalandire digiri ya uinjiniya asanathyolepo thabwa

Pali dandaulo limene limamveka m'makoleji athu onse ophunzitsa sayansi ndi uinjiniya: labu tilibe, zipangizo zinafa kalekale, ndalama kulibe. Pa maphunziro ambiri dandauloli n'loona, pakuti sungaonetse wophunzira tizilombo ta malungo popanda maikulosikopu. Koma pa mechanics, phunziro la mphamvu zokankha, zokoka ndi zopinda zinthu, limene aliyense wofuna kudzamanga milatho, madenga ndi makina amayamba nalo, ine dandauloli sindilivomereza. Zipangizo za phunziro limeneli zili mbwee mu Zomba muno: matabwa a paini otsika m'phiri, zigubu za malita 20, zingwe, masikelo okoleka aja mavenda amagulira nandolo. Chimene chikusowa ndi mtima wotulutsa ophunzira m'kalasi, komanso kulimba mtima kopereka malikisi pa zimene akachite kunjako.

Ndikudziwa kuti mainjiniya ambiri a dziko lino amasulidwa ku MUBAS ku Blantyre, ija tinkaitcha Polytechnic mpaka 2021, ndi ku MUST ku Thyolo. Koma Zomba asadzipatule pa nkhaniyi. Ku yunivesite ya Malawi ku Chirunga ophunzira fizikisi amakumana ndi malamulo a Newton omwewo. Ku Domasi College of Education kumachokera aphunzitsi a sayansi a m'sekondale, amene amayamba kuumba mwana kalekale asanalote za yunivesite. Likulu la MANEB nalo lili mumzinda muno, ndipo chizolowezi chowerengera mayeso basi chimayambira pa MSCE, kuyunivesite chimangofika chitakhwima.

Kaphunzitsidwe kake nthawi zambiri kamayenda chonchi. Mphunzitsi amajambula mzere pa bolodi, pansi pake timakona tiwiri, pamwamba kamuvi koloza pansi. Mzerewo ndi mtanda, timakonato ndi pamene watsamira, kamuviko ndi katundu. Fomula imatsatira, ophunzira amakopera, semesita ikamatha amasaka mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo n'kuloweza njira. Amakhoza ndithu, ena ndi malikisi ochititsa kaso. Koma fomula yoloweza ili ngati nambala ya foni: ukasokoneza nambala imodzi umaimbira munthu wina osazindikira. Wophunzira akapeza kuti mtanda wa denga la kalasi upindika mamita 40, amalemba yankholo mosadodoma n'kukhwatcha mizere iwiri pansi, chifukwa m'mutu mwake mulibe chomuuza kuti zimenezi n'zosatheka. Sanayezepo mtanda uliwonse ukupindika.

Tengani thabwa la 2 by 6, lija akalipentala a ku Chinamwali ndi ku Matawale amaligwira tsiku ndi tsiku. Lisanjikeni chafulati pa madiramu awiri otalikirana mamita atatu, mukoke ulusi wa amisiri omanga kuchokera diramu lina kufika lina kuti ukhale poyezera. Pakati pa thabwalo kolekani zigubu zitatu zodzaza madzi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye chigubu chilichonse ndi makilogalamu 20, ndipo miyala yoyezera ya ku labu simunaifune. Thabwalo lidzatsika masentimita awiri kapena cha pomwepo, malinga ndi mtengo wake. Yezani ndi rula.

Tsopano musathamange. Uzani ophunzira kuti thabwa lomweli muliimika cham'mbali, ndipo aliyense alembe ndi bolopeni, osati pensulo, kuti kupindikako kuchepa kangati. Ambiri adzalemba kawiri, ena katatu poona kuti 6 ndi 2 kuchulukitsa katatu. Aliimike, wina aligwirizize kumapeto kuti lisagwere m'mbali, akolekenso zigubu zija. Latsika timamilimita tiwiri kapena titatu tokha. Kupindika kwachepa ka 9. Chifukwa chake chili m'fomula imene onsewo anailoweza kale: msinkhu wa mtanda umawerengedwa katatu modzichulukitsa, pamene m'lifupi mumawerengedwa kamodzi. Msinkhu wakula katatu, imeneyo ndi 27; m'lifupi mwachepa katatu, 27 kugawa ndi 3 ndi 9. Akatero, asendeze madiramu aja kuti mpata utsale theka, aone kupindika kukuchepa ka 8. Amene waona zimenezi ndi maso ake, atalemba kale yankho lolakwika ndi dzanja lake, sadzaiwalanso kuti mpata wa mtanda suwonjezeredwa mwachisawawa pongofuna kusunga ndalama ya mzati umodzi.

Kalipentala aliyense amadziwa kuti thabwa la denga amaliimika cham'mbali. Nambala ya 9 ija saidziwa, ndipo mukam'patsa mpata umene sanaumangepo adzangoyerekeza. Wophunzira wa kuyunivesite ali ndi fomula yotulutsa nambalayo, koma sadziwa kuti ikunena za thabwa lenileni. Dziko limalipira injiniya kuti akhale nazo zonse ziwiri.

Kupinda kokha sikukwanira, chinthucho chithyoke. Apa safunika matabwa aakulu. Kathabwa ka inchi imodzi mbali zonse, kotalika mita imodzi, kamathyoka ndi zigubu zochepa chabe, ndipo madzi mungamathire pang'onopang'ono ndi kapu mpaka kataphulika. Chekani timatabwa 10 pa thabwa limodzi, gulu lililonse liwerengere katundu amene kathabwa kawo kathyokere, kenako athyole. Sitidzathyoka pa katundu wofanana. Kena kadzalimba kuposa mmene masamu ananenera, kena kadzathyoka msanga pa mfundo imene palibe anaiona, kena kadzapindika kwambiri chifukwa mtengo wake unali usanaume. Ophunzira aone kuti mng'alu wayambira pansi, kumene ulusi wa mtengo unkakokedwa, pamene pamwamba pangofinyika. Nkhani ya kuthyoka kwa mtanda inamuzunguza ngakhale Galileo mu 1638: anaiyamba bwino koma analakwitsa kagawidwe ka kukoka ndi kufinya m'kati mwa mtandawo. Ife tikuyembekeza kuti mwana wa zaka 19 aimvetse pongoona kamuvi pa bolodi. Ndipo ndi pa timatabwa 10 tija pamene wophunzira amamvetsa chifukwa chake mainjiniya salola chinthu kusenza katundu wofika kumapeto kwa mphamvu zake, koma amasiya mpata waukulu. M'buku mpatawo ndi nambala ya m'tebulo basi. Pabwalo ndi kathabwa kaja kanathyoka msanga.

Zimenezi si maganizo anga ndekha. Mu 1998 Richard Hake anasonkhanitsa zotsatira za ophunzira oposa 6,000 m'makalasi 62 a mechanics yoyambira, onse atalemba mayeso oyeza kumvetsa asanayambe kosi ndiponso atamaliza. M'makalasi ongomvetsera mphunzitsi, ophunzira anapeza pafupifupi 23 peresenti ya zimene ankasowa poyamba. M'makalasi amene ophunzira ankagwira, kulosera ndi kutsutsana, anapeza pafupifupi 48 peresenti. Mu 2014 Scott Freeman ndi anzake anaunika kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, masamu ndi uinjiniya, n'kupeza kuti mwa ophunzira 100 alionse, olephera anali pafupifupi 34 kumene ankangomvetsera ndi pafupifupi 22 kumene ankachita nawo. Zambiri mwa izi n'za ku America, inde, kumene makalasi ali ndi zonse. Koma chimene ankayeza si kukongola kwa labu ayi, ankayeza ngati wophunzira akugwiritsa ntchito mutu wake pa nthawi ya phunziro kapena akungokopera.

Pali chinthu china chimene okonda ntchito zogwira ndi manja sakonda kuchimva. Kafukufuku wa ku Harvard wa mu 2004, wa gulu la Eric Mazur, anaonetsa kuti ophunzira ongoonerera mphunzitsi akuchita chionetsero samvetsa kuposa amene sanaonereko n'komwe. Phindu limabwera pamene wophunzira walosera kaye zotsatira asanaone. N'chifukwa chake ndikulimbikira za bolopeni ija. Popanda kulosera, kuyeza ndi kuwerengera, zonsezi zimasanduka masewera: ana amangira timilatho ta timitengo, ajambulitsa zithunzi, aika pa Facebook, apita kukadya. Mlatho wa timitengo umene gulu silinawerengere kuti kamtengo kati kakukokedwa, kati kakufinyidwa, ndipo kayambe kugonja ndi kati, ndi ntchito ya ku pulayimale imeneyo.

Chitsanzo chimene ndimafuna wophunzira aliyense atachigwira ndi manja n'cha hotela ya Hyatt Regency ku Kansas City. Mu July 1981 timilatho tiwiri ta m'kati mwa hotelayo, kena pamwamba pa kanzake, tinagwera anthu amene anasonkhana pansi, ndipo 114 anafa. Pa pulani yoyamba, timilatho tonse tiwiri tinayenera kulendewera pa chitsulo chimodzi chachitali chochokera kudenga, kalikonse katakhala pa nati yake. Pomanga anasintha: chitsulo china chinathera pa kamlatho kapamwamba, china n'kuyambira pomwepo kutsikira ku kapansi. Pa pepala kusinthako kumaoneka kwabwinobwino, ndipo anthu ophunzira anakuvomereza. Koma tsopano polumikizira pa kamlatho kapamwamba panasenza katundu wa timilatho tonse tiwiri. Izi mungazionetse ndi ndowa ziwiri za malita 10 ndi sikelo ya nandolo. Mangani chingwe kunthambi, ndowa ina muikoleke pa mfundo ya pakati kudzera pa sikelo, ina kunsonga kwa chingwe: sikelo iwerenga makilogalamu 10. Masulani yapansi ija muikoleke pa chogwirira cha ndowa yapamwamba: sikelo iwerenga 20. Masamu ake ndi a sabata zoyambirira za chaka choyamba, kujambula chinthu pachokha n'kuonetsa mphamvu zonse zimene zikuchigwira. Wophunzira amene waona muvi wa sikelo ukudumpha kuchoka pa 10 kufika pa 20 adzayamba wajambula kaye kontrakitala akadzamuuza kuti "bwana, apa tingosintha pang'ono, zitsulo zazitali zasowa".

Nanga za kwathu kuno? Yendani m'masukulu ndi m'zipatala za m'midzi muone matanki a madzi atakwezedwa pa nsanja zachitsulo. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani asanu ali m'mwamba. Mzati wautali woonda suphwanyika, umakhota mwadzidzidzi cham'mbali, ndipo Leonhard Euler anaonetsa mu 1744 kuti ukatalika kawiri umasenza gawo limodzi lokha mwa magawo anayi. Kachitsulo koonda kapena kansungwi kosalazidwa, kokanikizidwa pa sikelo yopondapo, kamaonetsa zimenezi m'mphindi zisanu. Wophunzira akakagwira pakati ndi zala ziwiri zokha n'kuona sikelo ikukwera kwambiri kasanakhote, wamvetsa ntchito ya zitsulo zopingasa zija owotcherera ena amazichepetsa pofuna kutsitsa mtengo. Madenga a masukulu amene amasasuka dzinja lililonse nawonso ndi phunziro: mphepo ikathamanga kawiri mphamvu yake pa malata imakula kanayi, ndipo imalikokera denga m'mwamba, sikuti imangolikankha. Ayeze ndi sikelo kuti msomali wosalala umazuka pa makilogalamu angati, wopotana pa angati, pa paini ndi pa bulugama, kenako awerengere misomali yofunika pa lata limodzi.

Sindikunena kuti milatho imene inakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, kapena damu la Kapichira limene linaonongeka ndi namondwe wa Ana mu January 2022, zinagwa chifukwa cha kaphunzitsidwe. Madzi aja anali oopsa. Ndikunena kuti amene adzamangenso zinthu zimenezi kwa zaka 30 zikubwerazi ndi amene ali m'kalasi lero, ndipo nyengo siikulonjeza kuwachitira chifundo.

Pa gawo la zinthu zoyenda, Zomba ali ndi chitsanzo chimene mizinda ina ilibe. Njinga za nkhuni zimatsika msewu wa Ku Chawe zitasanjikidwa mulu woposa msinkhu wa munthu, eni ake ambiri akuyenda pambali atakakamira mabuleki. Tiyerekeze njinga ndi katundu wake ndi makilogalamu 200, ndipo yatsika mamita 500 kuchokera pamwamba. Mphamvu imene yatayika panjirapo ndi yokwanira kufikitsa powira madzi pafupifupi malita atatu, ndipo yambiri yathera pa timabuleki tiwiri ta labala ndi m'miyendo ya munthu. Wophunzira awerengere yekha, kenako akafunse mwini njinga chifukwa chake amasanja nkhuni mmene amasanjira, ndi chimene chimachitika katundu akapendekera kumbuyo kwa gudumu. Foni ya m'thumba nayo ndi chipangizo: imajambula kanema amene ungamuone pang'onopang'ono, ndipo pulogalamu yaulere ya phyphox, yochokera ku yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany, imawerenga kugwedezeka ndi kusintha kwa liwiro pogwiritsa ntchito tizipangizo tili kale m'fonimo.

Aphunzitsi ali ndi zifukwa zawo, ndipo zina n'zomveka. Makalasi ndi aakulu. Koma bwalo ndi lalikulu kuposa kalasi, magulu a anthu asanu akhoza kumasinthana pa malo anayi kapena asanu, ophunzira a chaka chomaliza akuyang'anira kuti phazi la munthu lisakhale pansi pa chigubu. Silabasi ndi yaitali. Koma mutu umene wophunzira waukopera osaumva sunaphunzitsidwe, wangodutsidwa, ndipo mphunzitsi wa chaka chachitatu adzaubwerezanso. Ophunzira eni ake adzadandaula, ndipo apa mphunzitsi akonzekere. Kafukufuku wina wa ku Harvard wa mu 2019 anapeza kuti ophunzira a m'kalasi yochita nawo ankaona ngati aphunzira zochepa, chikhalirecho pa mayeso anaposa anzawo amene anasangalala ndi mphunzitsi wolankhula mosadodoma. Kulakwitsa pamaso pa anzako sikukoma, makamaka kwa mwana amene wakhala nambala wani kuyambira sitandade 1.

Chifukwa chimene chimandivuta kuyankha n'chakuti tikazolowera zigubu ndi madiramu, akuluakulu adzapeza pothawira, n'kumati labu ya chiyaninso poti mukukwanitsa. Mantha amenewa ndi oona. Pali zinthu zimene chigubu sichingachite: konkire amaiyesa poiphwanya ndi makina pakatha masiku 7 ndi 28, chitsulo cha m'konkire amachikoka ndi makina mpaka chitaduka, ndipo injiniya ayenera kudziwa makina amenewa. Labu tiimenyerebe nkhondo. Koma akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo kudikira labu kwatha kale mibadwo ingapo ya ophunzira. Komanso kumene makina alipo, kawirikawiri katswiri wa labu ndiye amadina batani, ophunzira 40 ataima kumbuyo akukopera manambala. Kumeneko ndi kuonerera kuja Mazur anakupeza kopanda phindu, kungoti kwakwera mtengo.

Pansi pa zifukwa zonsezi pali chimodzi chimene sititchula. Timaona ntchito ya manja ngati ya amene sanakhoze bwino MSCE. Amene wapita ku Nasawa Technical College amagwira sowo ndi hamala, amene wapita kuyunivesite amadikira chipewa choyera ndi galimoto ya pulojekiti. Mnyamata amene anakula akukonza njinga ya bambo ake amabisa luso limenelo akangolandira kalata ya kuyunivesite, ndipo mtsikana amene kunyumba sanaloledwe kugwira sipanala amafika chaka chachinayi asanaigwirebe, chifukwa pa gulu anyamata amalanda zida iye n'kupatsidwa kope kuti azilemba. Mphunzitsi asinthanitse maudindo mwadala, aliyense agwire tepi, aliyense athire madzi, aliyense alembe. Ndipo amisiri aitanidwe m'kalasi ngati aphunzitsi olipidwa, osati ngati chionetsero. Kalipentala wokhoma madenga afotokoze kumene denga limayambira kugonja, wowotcherera aonetse mmene chowotcherera chabodza chimaonekera kunja ndi mmene chimathyokera, kenako ophunzira awerengere ngati zimene amvazo zikugwirizana ndi masamu. Pena mmisiri adzapezeka wolondola, pena wolakwa, ndipo konse kuwiri kuli phunziro.

Zonsezi zidzafera m'mazira ngati malikisi sakhalapo. Wophunzira wathu ndi wochenjera, amadziwa kumene kuli malikisi ndipo amathera mphamvu zake kumeneko. Ntchito ya pabwalo ikhale ndi gawo looneka pa malikisi a kosi, loti munthu akalinyozera alephere. Ndipo malikisiwo asaperekedwe chifukwa choti kulosera kwagwirizana ndi zotsatira, popeza mukatero ana adzaphika manambala usiku, monga amachitira ndi malipoti a labu amene amayenda kuchokera chaka china kupita china. Aperekedwe pa kufotokoza kusiyana: tinawerengera makilogalamu akuti, kanathyoka pa akuti, chifukwa chake tikuganiza kuti ndi mfundo iyi, ndipo tayesa kathabwa kena kopanda mfundo kuti titsimikize. Mphunzitsi aloze mmodzi aliyense pa gulu, amufunse kwa mphindi zisanu chidutswa chothyokacho chili m'manja. Pamenepo palibe kubera, ndipo palibe pulogalamu ya pa intaneti imene ingamuyankhire.

Chomaliza chili kwa oyendetsa makoleji. Mtengo wa matabwa, zingwe, zigubu, misomali ndi masikelo a kalasi yonse sufika pa ndalama ya msonkhano umodzi wa kunyanja wokambirana za kukweza maphunziro. Koma mphunzitsi akafuna chingwe cha mamita 20 amauzidwa kuti abweretse makotesheni atatu, fomu idutse m'maofesi angapo, ndipo chingwecho chimafika ophunzira atalemba kale mayeso. Akayesa kawiri amatopa n'kubwerera ku bolodi, kapena amagula ndi ndalama ya m'thumba mwake mpaka kunyumba atam'funsa. Dipatimenti iliyonse yophunzitsa mechanics ipatse mphunzitsi wa kosiyo kandalama kochepa m'manja semesita isanayambe, apite yekha kwa ogulitsa matabwa ndi mumsika wa Zomba, abweretse malisiti.